Diff lock yagwira tsopano, vuto linabisala m'kati mwa actuator

Anzanga okonda magalimoto a m'tchire, diff lock yakumbuyo (loko yomanga matayala awiri akumbuyo kuti azizungulira limodzi) pa Hilux yanga yayamba kugwira ntchito, ikutseka ndi kutsekula bwinobwino. Loweruka lapitali ndinakaiyesa pa kamsewu kafumbi ka kuseri kwa Chilomoni, kolowera chakuphiri la Michiru, pamalo pamene madzi a mvula anakumba ngalande yodula msewu. Ndinalowamo dala cham'mbali kuti tayala lakumbuyo lakumanzere lilendewere. Mu L4, giya yamphamvu ya 4x4, galimoto inaima, tayala lolendewera lija likungozungulira, lina lakutsogolo nalonso likupalasa fumbi. Ndinaponda kilatchi ndi buleki, n'kudina switchi, kenako n'kuyamba kuchotsa mwendo pang'onopang'ono. Kumbuyoko kunamveka kuti gu, kagetsi ka pa dashibodi kanayaka, galimoto n'kutuluka yokha ine osaponda moto n'komwe. Mtima wanga unadzaza, chifukwa ntchito imeneyi yandidyera tulo.

Kwa amene simukuidziwa galimotoyi, ndi KUN25, double cab ya injini ya 2KD, 2.5 D-4D, giya yamanja. Inabwera ndi difu wamba kumbuyo, yopanda ngakhale LSD (difu yochepetsa kuzungulira pachabe kwa tayala loterera). M'chilimwe sindidandaula nayo. Koma mvula ikangoyamba, njira ya kumunda kwathu ku Chiradzulu imasanduka katondo woterera, ndipo nonse mukudziwa khalidwe la difu wamba: mphamvu yopita ku tayala logwira pansi siiposa imene tayala loterera likutha kulandira. Ukapingasa m'ngalande, 4x4 yako yatsala ndi matayala awiri ozungulira pachabe, lina kutsogolo lina kumbuyo, matumba a feteleza ali pambuyo, mtambo ukuda.

Zotsekera difu zoyendera mpweya ndinazisiya msanga. Zimafuna kompuresa, mapaipi ndi kuboola housing (chigoba cha axle), ndiye ukawerengera mtengo wake m'makwacha, kuphatikizapo msonkho ndi kuvuta kwa ndalama zakunjaku, umangoona kuti si za chaka chino. Kuwotcherera difu monga amachitira ena sindingayerekeze pa galimoto yoyenda m'tauni tsiku lililonse. Njira inatsala ndi yopeza axle ya Hilux imene inatuluka kufakitale ili kale ndi loko yamagetsi. Ma Hilux Raider opangidwa ku Durban amakhala nayo, ndipo ena amadzathera kuno kwathu atachita ngozi. Ndinkafuna axle yonse, osati difu yokha, chifukwa housing yake ili ndi malo odutsa foloko, chitsulo chimene chimakankha sleeve ya mano yotseka difu. Ukagula difu yokha umadzayamba kusema housing ndi galayindala.

Ndinaipeza ku Ndirande. Kumeneko kuli madala ena amene ndakhala ndikuwagula masipeya kuyambira nthawi ndinali ndi Hilux yakale ija ya injini ya 3L, ndipo chimene ndimawakondera n'chakuti sakwiya ukafuna kuona chinthu m'kati usanalipire. Anaitana anyamata awo, tinatsitsa difu pansi n'kuwerenga mano: crown wheel 43, pinion 11. Zimenezo zikupereka 3.909, chimodzimodzi ndi difu yanga yakutsogolo. Chonde musamalumphe gawo limeneli. Magalimotowa alibe difu yapakati, ndiye kutsogolo ndi kumbuyo zikasiyana, mu 4x4 zimakanganirana mu transfer case ndi m'ma propshaft mpaka china chitagonja. Mano anali osalala, bering'i ya pinion yopanda kugwedera, oyilo wakuda koma wopanda tizitsulo. Ndinalipira.

Kukweza axle kunalibe nkhani. Ma U-bolt atsopano, ma oil seal atsopano mbali zonse, mabuleki ndi zingwe za handbrake zinakwana, oyilo wa GL-5, basi.

Mawaya ndiwo ndinachita kulingalira. Axle inabwera yopanda kompyuta yake ya loko, ndiye ndinagwiritsa ntchito ma relay awiri a mapini asanu. Pulagi ya actuator, kabokosi kokhala ndi kamota koyendetsa loko, ili ndi mawaya asanu: awiri a kamota, awiri a ma limit contact (timaswitchi toimitsa kamota kakafika kumapeto), ndi umodzi wa ethi, woyera wa mzere wakuda uja monga mwa chizolowezi cha Toyota. Waya uliwonse wa kamota uli pa pini 30 ya relay yake, 87a ku ethi, 87 ku moto kudzera pa fyuzi. Koyilo imalandira moto kuchokera ku switchi pa 86, ndipo 85 imapita ku limit contact. Mwanjira imeneyi kamota kakafika kumapeto kwa ulendo wake, contact ya m'kati imadula ethi ya koyilo, relay n'kugwa, kamota n'kuima kokha. Pali pulagi inanso ya mawaya awiri, ya kaswitchi kamene kamakankhidwa foloko ikalowadi, ndipo kagetsi ka pa dashibodi ndinakalumikiza pamenepo kuti kaziyaka pokhapokha difu yatsekadi. Ma relay ndi waya ndinagula ku Limbe. Waya wa masiku ano muzimupala ndi mpeni musanagule. Ukaona kuti m'kati mwayera, umenewo ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa, ndipo pansi pa galimoto sakhalitsa. Zimenezi ndinazionera pa Land Cruiser ya mlamu wanga, pamene tinkakonzanso magetsi ake a pamwamba, waya onse atafumbutuka m'kati mwa chikopa chake.

Tsono nali vuto. Galimoto ili pa ma stand, matayala onse awiri m'mwamba, ndinadina mbali yotseka. Relay inalira, kamota kanang'ung'udza, ndinazunguza tayala pang'ono ndi dzanja, loko n'kulowa. Matayala anayamba kuzungulira mbali imodzi. Ndinadina mbali yotsekula. Zii. Relay osalira, kamota osagwedezeka, kagetsi kali chiyakire.

Difu inakhala chitsekere, ndipo galimoto yotero sungaitulutse mu Blantyre. Taganizani raundiabauti ya pa Clock Tower kapena ya pa Chichiri, tayala la m'kati likulira pa tala, galimoto ikukana kukhota, mashafti akupotoka. Inakhala pa ma stand pabwalo, ine n'kubwerera pa minibasi.

Ndinayamba ndi zapafupi. Ndinasinthanitsa ma relay awiri aja, vuto linakhalabe kumbali yotsekula. Switchi inali bwino, moto unkafika pa 86 wokwana. Ndinakoka ethi yatsopano kuchokera pa batire mpaka pa pulagi, palibe chinasintha. Mnzanga wina wa zamagetsi a galimoto wa ku Bangwe atamva nkhaniyi pa foni anati, "Achimwene, kamota kapsa ako." Sindinagwirizane naye, chifukwa kamota kopsa sikakanatseka difu, ndiponso relay ikanalirabe ngakhale kamota katafa. Relay ikapanda kulira ndiye kuti koyilo ikusowa njira yopita ku ethi, ndipo njira imeneyo imadutsa m'kati mwa actuator.

Chinandizunguza mutu ndi mita yoyezera magetsi. Ndikayeza pakati pa waya wa limit yotsekula ndi ethi, nthawi zina inkalira ngati zonse zili bwino. Ndikabweza pulagi, relay zii. Ndikayezanso, manambala ankangoyendayenda, kutsika, kukwera, kenako kusowa. Ndinatsuka pulagi, ndinafinya mapini, ndinafika podula pulagiyo n'kulumikiza mawaya mwachindunji poganiza kuti mwina umodzi waduka m'kati mwa chikopa. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkalowa pansi pa galimoto ndi tochi, magetsi akazima ndiye foni pakamwa. Masiku anatha choncho.

Chinaulula ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Ndinasiya switchi ili mbali yotsekula, kiyi ali pa ON, n'kugogoda pang'ono pa chivundikiro cha actuator. Relay inalira kamodzi, kamota kanasuntha pang'ono n'kuimanso. Ndinagogodanso, chimodzimodzi. Apo ndinadziwa kuti contact ya m'kati ikungokhudza mwa apo ndi apo.

Ndisanaichotse ndinaika chizindikiro cha penti pa kagiya kotulukira kunja ndi pa thupi lake. Nditatsegula, fungo lokha linandiuza. Munali madzi. Girisi anali atasanduka phala lofiirira, ndipo mbale ya kopa imene ili pa giya yayikulu, pamene tizala titatu ta contact timayendapo, inali yobiriwira. Kachala ka mbali yotsekula kanali kofooka, kosakankha mbale mokwanira, ndipo pamalo enieni pamene kamayenera kukhala difu ikatseka ndi pamene dzimbiri linadya kwambiri. N'chifukwa chake kutseka kunatheka koma kubwerera kunakanika. Madzi analowera pa kapaipi kopumira. Actuator imeneyi ili ndi kapaipi kake kamene kamayenera kukwera m'mwamba ku chassis, koma pa axle iyi kanali kodulidwa chapafupi, kali yasa. Kaya inawoloka mitsinje ili choncho kapena inagona pamvula itachotsedwa kale pa galimoto, madzi anali ndi khomo.

Mwamwayi maginito a kamota anali chimamatire m'chigoba chake, chifukwa madzi akakhalitsa amalowa kuseri kwa maginito, n'kuwamatula, n'kugwira armature. Ndinatsuka zonse ndi palafini, mbale ndi tizala ndinazipala ndi sandipepa yosalala kwambiri mpaka kopa anawala, kenako contact cleaner. Kachala kofooka kaja ndinakapinda pang'ono chabe kuti kazikankha ngati tinzake. Mabulashi a kamota anali akadali aatali. Girisi watsopano pa worm ndi pa magiya, wochepa kwambiri pa mbale, O-ring yatsopano, ndi silikoni woonda pa chivundikiro.

Poyesa pa benchi musapereke 12V molunjika ku kamota. Popanda ma limit contact m'njira, kamathamanga n'kupitirira malo ake, ndipo mukhoza kupotola sipuling'i ya m'kati. Ine ndinagwiritsa ntchito batire la tochi la 1.5V. Kamayenda pang'onopang'ono, ukuona ndi maso, mita ili pa ma contact, n'kuona bwino pamene iliyonse ikuduka. Sipuling'i imeneyi ndiyo ndimaisirira pa kapangidwe konseka. Kamota sikakankha foloko mwachindunji ayi. Kamangokunga sipuling'i n'kuima, ndiye ngati mano a sleeve sanayang'anizane ndi a difu, sipuling'i imadikira mpaka tayala lina litasuntha pang'ono, mano n'kugwerana. N'chifukwa chake nthawi zina kagetsi kamachedwa kuyaka, ndipo mankhwala ake ndi kusuntha pang'ono chiwongolero chili chokhota, osati kuponda moto.

Pobwezera, foloko ndi actuator ziyenera kukhala mbali imodzi. Ine ndinaonetsetsa kuti difu ili yotseka, ndinayendetsa actuator ndi kabatire kaja mpaka pa malire otseka, penti yanga n'kukumana, kenako n'kulowetsa. Ukaphonya ndi dzino limodzi kapena awiri, imatseka mwatheka kapena imakana kutulukiratu, ndipo umayambanso kukayikira mawaya amene alibe mlandu. Kapaipi kopumira ndinaika katsopano, katali, kokwera mpaka kunsi kwa bodi, kumapeto kwake kafyuluta ka petulo koyang'ana pansi. Nditadina, loko inalowa. Nditadina kubwerera, inatuluka, matayala n'kuyambanso kuzungulira mosemphana.

Amene mukufuna kuchita zomwezi, tsegulani actuator axle isanakwere pa galimoto. Ili pansi ndi ntchito ya madzulo amodzi, uli chikhalire pampando. Musakhulupirire chifukwa choti yalira kamodzi pogula.

Chinthu chimodzi chikundidetsabe nkhawa. Kompyuta ya kufakitale siilola loko kulowa galimoto ikathamanga kupitirira 8 km/h, pamene mawaya angawa alibe chitetezo chimenecho. Ukaidina tayala lina likuzungulira mwamphamvu, mano a sleeve amamenyana ndipo amatha kuthethuka. Pakadali pano moto wake ukuchokera pa kiyi, switchi ili ndi kachivundikiro kofiira, ndipo ndaiika kumanja kwa chiwongolero, kutali ndi manja a ana. Mnyamata amene amandithandiza kuyendetsa ndamuuza kuti aziima kaye, adine, adutse pamalo povutapo, atsekule nthawi yomweyo. Pa tala ayi. Pamalo otsetsereka cham'mbali pali matope ayeneranso kusamala, chifukwa matayala onse awiri akaterera limodzi, kumbuyo kumathawira kumunsi.

Chotsatira ndikufuna kutenga siginolo ya L4 pa transfer case kuti loko izikana kulowa mu H2 (matayala akumbuyo okha) ndi H4 (4x4 yothamanga), ngakhale mbali ina ya mtima ikundiuza kuti mu H2 imathandiza pokoka ngolo pa udzu wonyowa. Ndidzaona. Ma breather a madifu onse awiri ndi a gearbox nawonso akufunika kukwezedwa mvula isanafike. Kenako winchi, ndipo ndayamba kale kufunsa za loko yakutsogolo, ngakhale ma CV joint a IFS (sasipenshoni yakutsogolo ya tayala lililonse palokha) sakonda nkhanza. Mu Januwale ndikufuna kukaiyesa pa makande a ku Chikwawa titatsika Thabwa, kenako msewu wa ku Neno mvula ili pakati, ndipo zikatheka chaka chomwechi tikafike mpaka ku Nyika. Ngati alipo wa Hilux kapena Land Cruiser amene ali ndi chingwe chokokera chabwino, tiyeni tipangane za ulendo wa ku Neno.