Zikomo bambo a pamsika wa Brixton

Kwa bambo ogulitsa ma CD akale pamsika wa Brixton ku London: dzina sindinakufunseni, pepani, koma ndikuthokoza kwambiri. Nditakuuzani kuti ndikuphunzira gitala ya besi, munandipatsa chimbale cha 1986 cha katswiri wa jazi Miles Davis, chotchedwa Tutu, ndalama zanga n'kuzikana.

Munati khutu ndiike pa Marcus Miller, woimba besi wobadwira ku Brooklyn mu 1959, amene anapeka nyimbo zambiri za m'chimbalecho, kutsogolera nawo ntchito yojambula, n'kuimbamo zida zingapo yekha asanakwane zaka 30. Mpaka munandionetsa pathebulo lanu mmene amamenyera nsambo ndi chala chachikulu! Kunyumba ndinakapezanso kuti anagwira ntchito zaka zambiri ndi woimba wotchuka wa ku America Luther Vandross. Chala changa chatupa, bambo, koma Loweruka ndibwera ndi mandasi.