Zimene miyendo ndi milomo ya mbalame za m'dambo yandiphunzitsa

Pamene ndinayamba kuphunzira za mbalame za m'madzi, ndinkaganiza kuti ntchito yonse ndi kuloweza mayina. Ndinali ndi buku la zithunzi, magalasi oonera patali ndi kope, ndipo m'mawa uliwonse umene ndapeza mpata ndinkapita kudambo lotetezedwa, kumene kusaka n'koletsedwa, n'kukakhala m'kanyumba kobisalamo kamene kanamangidwa m'mphepete mwa bango. Mbalame ikangotera, maso anga ankathamangira m'buku kukasaka chithunzi chofanana nayo, ndipo pomadzadzutsa mutu ndinkapeza itauluka kale. Patatha miyezi iwiri, kope langa linadzaza ndi mayina okayikitsa, koma sindikanatha kufotokoza chifukwa chake mbalame ina imakhalira pamatope pomwe ina sichoka pakati pa madzi.

Mlangizi wathu, mayi wachikulire amene awerenga mbalame kwa zaka zambiri, anandiuza kuti nditseke bukulo kwa mwezi wathunthu ndipo ndizilemba zinthu zitatu zokha: kutalika kwa miyendo, maonekedwe a mlomo, ndi malo amene mbalameyo yaima. Poyamba malangizowa sanandisangalatse chifukwa ndinkaona ngati akundibweza m'mbuyo, koma m'mwezi umenewo ndi mmene dambo linayamba kundionekera bwino.

Kakowa ali ndi miyendo yaitali chifukwa amadyera m'madzi osaya, ndipo amatha kuima duu kwa nthawi yaitali khosi litapindika, kenako n'kulasa nsomba ndi mlomo wake wosongoka mofulumira kwambiri moti diso silitsata. Pali mtundu wina wakuda umene umatambasula mapiko ake kutsogolo n'kuphimba mutu ngati ambulera, kupanga mthunzi pamadzi umene umauthandiza kugwira tinsomba. Pamatope a m'mphepete pamakhala timbalame tofiirira tofanana kwambiri maonekedwe, ndipo ndi timeneti tinandivutitsa kuposa tonse, mpaka pamene ndinazindikira kuti ta milomo yaifupi timatola tizilombo pamwamba, pomwe ta milomo yaitali timazika mlomo m'matope kufunafuna nyongolotsi zakuya. N'chifukwa chake mitundu ingapo imadyera pamalo amodzi popanda kulimbirana kwenikweni. Pamasamba a kakombo pamayenda jacana, imene zala zake zazitali zimagawa kulemera kwa thupi kuti tsamba lisamire. Mwa mbalame imeneyi, yaimuna ndi imene imafungatira mazira ndi kulera anapiye, ndipo tsiku lina ndinaiona itanyamula ana ake kunsi kwa mapiko, timiyendo tawo tokha tikulendewera. Ndinayang'ana chinthu chimenechi mpaka ndinaiwala kulemba. Kutali kumene madzi ndi ochuluka, avuwo amasambira pagulu n'kumakusa nsomba kuti zisonkhane, pomwe nkhwazi imadikira pamtengo wouma kuti ikwatule nsomba imene yayandikira pamwamba.

Apa ndinamvetsa kuti dambo limodzi lili ndi malo ambiri odyera, ndipo chimene chimawasiyanitsa ndi kuya kwa madzi. Madzi akaphwa ndi masentimita ochepa chabe, matope atsopano amaonekera ndipo timbalame ta m'matope timachuluka. Akakwera, timachoka n'kusiyira abakha ndi atsekwe. Nditatsegulanso buku lija, mayina anayamba kukhazikika m'mutu mosavuta, popeza dzina lililonse linali ndi malo ake ndi kadyedwe kake.

Phunziro lotsatira linali kuwerenga gulu lalikulu. Munthu amawerenga mbalame khumi bwinobwino, n'kuona kukula kwa malo amene zatenga, kenako n'kumayerekezera kukula komweko pa gulu lonse kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Ine ndinkachepetsa chiwerengero nthawi zonse, ndipo mlangizi anandiphunzitsa kubwereza katatu ndisanalembe. Kusamala kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Pangano la mayiko loteteza madambo, limene linasainidwa mumzinda wa Ramsar ku Iran pa 2 February 1971, limaona dambo kukhala lofunika padziko lonse ngati nthawi ndi nthawi limasunga mbalame za m'madzi zokwana 20,000 kapena kuposerapo, kapenanso gawo limodzi mwa magawo 100 a mbalame zonse za mtundu winawake m'chigawo chake. Kuyambira 1967 pakhala kalembera wa mbalame za m'madzi amene amachitika mu January m'mayiko ambiri, ndipo ambiri mwa owerenga ndi anthu ongodzipereka. Munthu akalemba chiwerengero mwachisawawa, amasokoneza umboni umene ungateteze dambo lonse.

Chimene chinandikhudza mtima koposa ndi kudziwa kumene ena mwa alendo a pamatope aja amachokera. Timbalame tina timene ndinkatinyalanyaza chifukwa cha kusaoneka bwino timaswana kumpoto kwa Ulaya ndi ku Siberia, ndipo timauluka makilomita masauzande kuthawa nyengo yozizira. Kale anthu a ku Ulaya sankadziwa kumene mbalame zawo zimazimiririka, mpaka mu 1822 pafupi ndi Klütz ku Germany panapezeka dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa pakhosi, ndipo mu 1899 mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Cornelius Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete tokhala ndi manambala kumiyendo kuti maulendo awo adziwike. Madokowe oyera amalowa mu Africa kudzera pamene nyanja ili yopapatiza, ku Gibraltar kum'mwera kwa Spain, kapena kuzungulira chakum'mawa kudzera ku Bosphorus ku Turkey, chifukwa amadalira mpweya wofunda wokwera kuchokera pansi, umene supezeka pamwamba pa nyanja yaikulu. Mbalame zapaulendo wotere zimafuna madambo otsatizana opumirapo ndi kudyerapo, moti limodzi likaumitsidwa, kuchepa kwake kumaonekera m'mayiko akutali.

Panopa ndikuphunzira kuzindikira mbalame ndi kulira kwake, chifukwa zambiri za m'bango sizionekera konse. Ndimafika kusanache, ndimakhala chete, ndipo m'kope ndawonjezera mzere wachinayi wolembapo mawu amene ndamva ndi mbali imene achokera.