Lachiwiri, tsiku lokatenga mankhwala a achimwene

Lero tinadzuka mmamawa osadya kanthu chifukwa mwezi watha anesi anati achimwene adzabwere asanadye kuti akayezedwe shuga. Anang'ung'udza njira yonse mpaka mu minibasi, akuti munthu wamkulu angayende bwanji opanda tiyi.

Kwa amene simukudziwa, achimwene ali ndi schizophrenia, matenda a maganizo. Poyamba anali pa chlorpromazine ndi jakisoni uja wa pamwezi, thupi linkauma, manja kunjenjemera, kenako anawasinthira ku olanzapine ndipo kunena zoona mutu unakhazikika, mawu aja ankawamva anachepa, amagona, amasesa pakhomo, tikucheza ngati kale. Koma kudya kwake abale! Pakati pa usiku umangomva mapoto akulira kukhitchini, mkute sufika mmawa. Mathalauza onse anasiya kuwakwana. Ndiye kutchalitchi ndi maneba aliyense amangoti eee achiratu awa, taonani anenepa, mukuwasamala bwino, amayi n'kumasekerera.

Adokotala lero sanathere pa sikelo, anatulutsa tepi ya atelala n'kuwayeza pamimba. Akuti mwamuna akadutsa 94 cm, mkazi 80, zinthu zayamba kuvuta, achimwene anadutsa kalekale. Mafuta oopsa si a m'ntchafu kapena m'matako ayi, ndi aja amadzadza mkati mwa mimba kuzungulira chiwindi ndi matumbo, amenewo amapangitsa thupi kusamvera insulin, amene amathandiza shuga kulowa m'minofu, ndiye insulin amagogoda pachitseko koma minofu siikutsegula, shuga amangotsala m'magazi, thupi n'kumapanga insulin wina pamwamba pa wina mpaka kutopa. Anawayang'ananso kumbuyo kwa khosi, khungu lakuda lija amayi amawakalipira nalo kuti sadzikwecha posamba, kani si litsiro, ndi chizindikiro cha zomwezi. Shuga anatuluka pansi pa 7, ndiye sanafike pa matenda a shuga, koma ali pafupi.

Chimene chandikhala pamtima n'chakuti si mankhwala okha amene amabweretsa vutoli. Ena odwala schizophrenia shuga wawo amakhala atayamba kale kusokonekera asanamwe piritsi ndi limodzi lomwe, ndiye muonjezerepo fodya, kukhala pakhonde tsiku lonse, kenako olanzapine kapena clozapine amene amanenepetsa kuposa ena onse. Anthu amenewa moyo wawo umafupika ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi anthu ena, ndipo kawirikawiri chimawatenga ndi mtima, sitiroko, shuga, pomwe ife pakhomo maso onse ali pa mutu basi, kuti kodi wagona, kodi akuyankhula yekha. Za BP palibe amafunsa.

Ndinafunsa kuti ndiye tisiye mankhwalawa? Adokotala anachita kukweza mawu kuti ayi mayi, musayerekeze, matenda angabwerere moipa. Akuti tiyambe ndi zakudya ndi kuyenda, zikakanika pali mankhwala a shuga otchedwa metformin, kapena kusintha mankhwala koma osintha ndi iwowo osati ife.

Kunyumba nkhani inavuta ndi amayi, si achimwene. Nditati Sobo ndi mandasi zichepe, nsima ikhale ya mgaiwa, nkhwani ndi nyemba zichuluke m'mbale, anati iwe ukufuna anthu azinena kuti tikumumana mwana wodwala? Tinakanganapo pang'ono, ine ndinangoti amayi, mawa chimanga ndipita nacho ndekha kuchigayo osakonoletsa. Sanayankhe.

Madzulo tinayenda ndi achimwene mpaka kudimba, kubwerera ali wefuwefu koma akuseka. Panjira anayatsa ndudu, ndinangoyang'ana kumbali, nkhondo imeneyo si ya lero. Komanso adokotala anati akadzaganiza zosiya fodya tikawauze kaye, chifukwa utsi umachititsa chiwindi kuchotsa olanzapine msanga, ndiye munthu akasiya mwadzidzidzi mankhwala amachuluka m'magazi ndipo mwina mlingo ungafunike kutsitsa. Ndazilemba pachikuto cha buku lawo la kuchipatala kuti ndisaiwale.