Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kalaliki wa malita ndi mbande

M'gawo lapita ndinakusiyani ndili pa Kamuzu Road ku Salima, nditangotsika minibasi, chikwama kumanja. Munali mu 2022. Ntchito imene ndinadzera inali ya ukalaliki pa kampani ina yakunja yojambula mapulani a nyumba ndi matauni. Inali itajambula sukulu cha ku Senga Bay, ndipo inkayang'anira omanga.

Ine ndinkaganiza kuti ndizilemba matikiti a aganyu. Ayi ndithu. Anandipatsa kope ndi laputopu, amvekere chilichonse chokhudza chilengedwe ndizilemba: malita a dizilo, matumba a simenti, madzi, zinyalala, ngakhale makilomita amene galimoto yayenda popita ku Lilongwe. Pakutha pa mwezi ndinkatumiza zonse kulikulu, komwe ankaziphatikiza ndi za maofesi a m'maiko ena n'kutulutsa lipoti la pachaka.

Mayi amene ankatiyang'anira ndiwo anandiphunzitsa kuti lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni wolemera makilogalamu oposa awiri ndi theka. Ndinaseka. Utsi n'kuuyeza pasikelo ngati mpunga wa ku Lifuwu? Koma masamu ake ndi oona. Ndipo chaka chimenecho jenereta inalira osapuma, poti namondwe Ana anali atagumula damu la ku Kapichira mu Januwale, magetsi n'kumangothimathima. Zinkandiwawa kulemba malita aja ndikudziwa kuti m'boma lomweli muli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60, omwe anali atangotsegulidwa mu Novembala 2021.

Njerwa zootcha sitinagwire n'imodzi yomwe. Malamulo a 2018 amaletsa njerwazi pa zomanga za boma, ndiye tinkaumba mabuloko a simenti. Apa ndinawagomera, chifukwa ndinakulira pafupi ndi uvuni, ndimadziwa mitengo imene umameza.

Nkhani inavuta ndi ya mbande. Nyengo yodzala mitengo itayamba pa 15 Disembala, tinadzala mbawa, mthethe ndi kesha kuzungulira bwalo lonse. Ana anaimba, zithunzi zinajambulidwa, ine ndinalemba nambala m'kope. A gulupu anangoima potero, manja kumbuyo.

“Mwanawe, mwadzala bwino,” anatero. “Nanga mbuzi mwakambirana nazo?”

“Tidzatchinga, gogo.”

Sitinatchinge. Mubajeti munali ndalama za mbande ndi zokumbira mayenje, za mpanda munalibe. Kwathu kuno anthu akangokolola, mbuzi zimamasulidwa. Pofika Okutobala, dzuwa la ku Salima lija litafika pachimake, zimene mbuzi zinasiya chiswe chinamaliza. Inangotsala kesha, poti mbuzi siziikonda.

Ndinatsegula fomu ya lipoti. Panali malo olembapo mitengo yodzalidwa. Malo a mitengo yopulumuka panalibe. Ndinapita kwa mayi aja.

“Madamu, tikalemba nambala yakaleyi, tikhala tikuwerenga mitengo imene ili m'mimba mwa mbuzi.”

Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati fomu imachokera kulikulu, iwo sangaisinthe, koma pansi pali kabokosi ka ndemanga. Ndinayenda dzenje ndi dzenje, kope m'manja, ndikuwerenga yamoyo yokha, n'kulemba m'kabokosimo. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinkadziwa kuti kontirakiti yanga ndi ya chaka chimodzi, ndipo kalaliki wolongolola sachedwa kupakira.

Lipoti litatuluka, chithunzi cha ana aja chinalimo, chowala bwino. Ndemanga yanga ndinaisaka tsamba ndi tsamba, osaipeza. Koma mvula yotsatira isanagwe, mayi aja anandiitana n'kundipatsa envulopu ya ndalama.

“Pita kwa a gulupu, ukawafunse amene amaluka nsungwi.”

Ndinapalasa njinga mpaka kumudzi. A gulupu ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde, ndipo ndisanakhale n'komwe pansi anandifunsa kuti mbuzi zayankha zotani.