Kukulitsa partition ya root pa Linux osataya mafayilo

Mukawonjezera disiki ya seva kuchoka pa 20 GB kufika pa 40 GB, musadabwe df -h, lamulo loonetsa malo a pa disiki, ikamaonetsabe malo akale omwewo. Pali zinthu zitatu zosanjikizana: disiki, partition (chigawo cha disikiyo) ndi filesystem (dongosolo losungira mafayilo m'chigawocho). Chilichonse chimakulitsidwa pachokha, kuyambira cha pansi.

Musanakhudze kanthu, koperani mafayilo ofunika muwasunge kwina. Kenako lembani lsblk -f muone kumene kuli root (partition ya /, pamene pamakhala Linux) ndi mtundu wa filesystem yake, monga ext4 kapena XFS. Ngati lsblk yopanda -f ikuonetsabe disiki yaing'ono, ndiye kuti kernel (phata la Linux) sinazindikire kusinthako, idzutseni (apa sda ndi dzina la disikiyo):

echo 1 | sudo tee /sys/class/block/sda/device/rescan

Pa Ubuntu ndi Debian, growpart, pulogalamu yokulitsira partition, imapezeka mu phukusi la cloud-guest-utils. Tinene kuti root ili pa sda2, partition yachiwiri ya sda, ndipo ndi ext4:

sudo growpart /dev/sda 2
sudo resize2fs /dev/sda2

Onetsetsani mpata umene uli pakati pa sda ndi 2 mu lamulo loyambalo, ambiri amaphonya pamenepa. Zonsezi zimatheka makina ali moyaka, chifukwa ext4 imalola kukula ikugwira ntchito. Ngati ndi XFS, lachiwirilo likhale sudo xfs_growfs /. Pa Ubuntu Server yoikidwa ndi LVM (njira yogawira disiki imene imakhala pakati pa partition ndi filesystem) pali sitepe ina: tinene kuti LVM ili pa sda3, mukatha growpart /dev/sda 3, chitani pvresize /dev/sda3, kenako lvextend -r -l +100%FREE /dev/ubuntu-vg/ubuntu-lv. Ka -r kameneko n'kamene kamakulitsanso filesystem.

Vuto lofala ndi swap, partition imene Linux imagwiritsa ntchito ngati memory yoonjezera. Partition imakulira m'malo opanda kanthu oyandikana nayo kumapeto kwake basi, choncho swap ikakhala pakati pa root ndi malowo, growpart imangoyankha kuti NOCHANGE. Zimitsani swap ndi swapoff -a, ifufuteni, kulitsani root, ndipo mukonze /etc/fstab, fayilo imene imalemba mapartition otsegulidwa poyaka. Mukaiwala kuchotsa UUID (nambala yozindikiritsa) ya swap yakale mmenemo, makina amadikira masekondi 90 poyaka, kufunafuna swap imene kulibe. Ine ndimaona kuti swapfile, swap yosungidwa m'fayilo, ndi yabwinoko, chifukwa sidzatsekanso njira.

Kuchepetsa n'kumene kumafuna mtima wodekha. Apa ext4 siilola ili yotsegula, mpaka muyatse kompyuta ndi flash ya GParted Live, muyendetse e2fsck -f, muchepetse filesystem kaye, partition pambuyo. Mukatembenuza dongosololi, mwadula mafayilo amene anali kumapeto. XFS yokha musayese n'komwe kuichepetsa. Ndipo posuntha poyambira partition, zonse zili mmenemo zimakopedwa, ntchito imene ingatenge maola. Magetsi akathima ili mkati, filesystem imawonongeka, choncho gwiritsani ntchito UPS kapena laputopu ya batire yodzaza.