Nambala ya pa chitoliro cha amalume

Lachiwiri. Dzuwa la Okutobala lafika povuta, ndinafika ku Kapata kwa amalume thukuta lili kamukamu. Anandiitana kuti tichotse katundu m'chipinda chakumbuyo, ndiye pansi pa bedi tinapeza kabokosi kakuda ka chitoliro chija ankaliza kutchalitchi kalekale, ine ndinkangomva mbiri yake koma kuchigwira ayi.

"Ichi mphwanga chinabwera tauni ino ya Chipata ikadali Fort Jameson," anatero uku akupukuta fumbi ndi chikhatho.

Titatsegula tinapeza zidutswa zitatu, mutu, thunthu ndi kakumapeto kaja, siliva wake wachita kuda koma mabatani onse alipo. Pathunthu palembedwa Armstrong, Elkhart, ndi 104. Ine ndinathamangira kuti nambala yodziwira chaka chomwe chinapangidwa ndi imeneyo, koma ayi, 104 ndi model chabe, zitoliro za ophunzira zambirimbiri zili nayo yomweyo. Serial number yeniyeni inabisala kuseri, timanambala tating'onoting'ono moti ndinachita kuuzira mpweya, kupukuta ndi nsonga ya chitenje cha azakhali kenako kuwunikira tochi ya foni chapambali kuti tioneke. Kutsogolo 28, kenako manambala ena asanu.

Ndinagula kabandulo nkufufuza. Zitoliro za Armstrong zoyambira 1974 umangotenga manambala awiri oyamba nkuwonjezera 50. Ndiye 28 ndi 50 ndi 78. Chinatuluka mufakitale ku Indiana, ku America, mu 1978, a Kaunda atakhala kale pampando zaka 14! Ndinakondwa kwambiri chifukwa si makampani onse amatero, za Yamaha sungawerenge chaka mophweka chonchi, umachita kuwafunsa eni ake.

Vuto linali kuwauza amalume kuti mu 1978 dzina la Fort Jameson linali litasinthidwa kale, munthu wamkulu sumangomutsutsa. Ndinangowapatsa foni kuti aone okha. Anakhala duu kwa kanthawi ndithu, kenako nkuseka, akuti zoona, cha nthawi ya Fort Jameson chinali china chamtengo cha aphunzitsi awo, ichi anagula atayamba kale ntchito.

Mapadi apansi pa mabatani atha, mpweya ukuthawa, ndiye analiza mutu wokha. Mawu anatuluka bwinobwino mpaka azakhali anasuzumira kuchokera kukhitchini. Nambala ndailemba mkope langa ndipo ndaijambula, chikasowa tidzachizindikira nayo. Mawa ndiyamba kufunsa ngati ku Lusaka kuli munthu wosintha mapadi.