Kuyerekeza yankho m'mutu musanakhulupirire foni

Pafupifupi aliyense amene amaoda katundu ku Kamwala kapena kumsika wa Soweto mumzinda wa Lusaka masiku ano amawerengetsa ndalama pafoni, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amangolandira nambala iliyonse imene foniyo yaonetsa, ngakhale chala chitadina ziro kawiri, chifukwa m'mutu mwawo mulibe yankho loyerekeza loti aifananitse nalo.

Tinene kuti mukuoda makatoni 38 a sopo pamtengo wa K215 katoni imodzi. Mukweze 38 afike pa 40, mutsitse 215 afike pa 200, kenako muchulukitse 4 ndi 2 n'kubwezerapo maziro atatu aja. Mwapeza K8,000, pamene yankho lenileni ndi K8,170. Kuyandikira kumeneku kwatheka chifukwa nambala imodzi yakwera ina yatsika, choncho chimene mwawonjezera mbali imodzi chabwezera gawo lalikulu la chimene mwachotsa mbali inayo. Koma ngati mukufuna kudziwa ndalama zoti munyamule pochoka kunyumba, mukweze zonse ziwiri: 40 kuchulukitsa ndi 220 ndi K8,800, ndipo simudzaperewera.

Pamene anthu ambiri amaphonya ndi pa manambala ang'onoang'ono. Kutsitsa 214 kuti akhale 200 kumachotsa kagawo kochepa kwambiri, koma kutsitsa 14 kuti akhale 10 kumataya zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo yankho lonse limachepa chimodzimodzi. Pamenepo ndi bwino kutenga 15 m'malo mwa 14, kuchulukitsa nambala inayo ndi 10, n'kuwonjezerapo theka la zimene mwapezazo.

Nambala ya 25 ndiyofunika kuizolowera kuno kwathu, chifukwa ufa timagula m'matumba a makilogalamu 25. Popeza matumba anayi amakwana makilogalamu 100, matumba 47 muwaone ngati 48, mugawe ndi 4, mupeza 12, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 1,200.

Maziro ndi amene amafuna chisamaliro koposa. Amene tinalipo pamene Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha pa 1 January 2013 tikukumbukira kuti K50,000 inasanduka K50, ndipo ogulitsa anayenera kuganizira mitengo iwiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa makolo kuti mwana asanayambe kulemba samu yochulukitsa, azimufunsa kaye ngati yankho likhala la m'mahandiredi kapena la m'masauzande, ndiponso kuti afotokoze mmene wadziwira.